Ahmad Baba: Mphunzitsi wa ku Timbuktu amene anatayitsidwa mabuku 1,600

Mzinda wa Timbuktu, womwe uli m'mphepete mwa chipululu cha Sahara m'dziko la Mali, unayamba cha m'ma 1100 ngati msasa wa Atuareg pafupi ndi chitsime. Unakula chifukwa cha malonda: ngamila zinkabwera ndi mchere kuchokera kumpoto, golide ankachokera kummwera. Pamodzi ndi katunduyo pankafikanso mabuku olembedwa pamanja, ndipo mzikiti wa Sankore unasanduka likulu la maphunziro.

Ahmad Baba anabadwa mu 1556 m'banja la Aqit, lomwe linkatulutsa oweruza a mzindawo. Anaphunzira kwa bambo ake, kenako kwa Muhammad Baghayogho kwa zaka pafupifupi khumi, mpaka anakhala katswiri wa malamulo a Chisilamu.

Mu 1591 asilikali a mfumu Ahmad al-Mansur ya ku Morocco, atanyamula mfuti, anagonjetsa ufumu wa Songhai pa nkhondo ya ku Tondibi ndi kulanda Timbuktu. Aphunzitsi a mzindawo anaganiziridwa kuti akulimbikitsa anthu kuukira. Mu 1593 Ahmad Baba ndi abale ake anamangidwa, ndipo chaka chotsatira anawolotsedwa chipululu kupita ku Marrakesh. Panjira anagwa pa ngamila n'kuthyoka mwendo. Mabuku ake 1,600 analandidwa, ngakhale kuti mwa abale ake iye ndiye anali ndi ochepa.

Atatuluka m'ndende mu 1596 sanaloledwe kubwerera kwawo. Anayamba kuphunzitsa mumzikiti wina wa ku Marrakesh, ndipo ngakhale oweruza a ku Morocco komweko ankabwera kudzamumvera. Ali kumeneko analemba Nayl al-ibtihaj, buku la mbiri za akatswiri a malamulo, lomwe ofufuza mbiri amalidalira mpaka lero. Al-Mansur atamwalira mu 1603, mwana wake Zaydan anamulola kupita, ndipo anafika ku Timbuktu mu 1608.

Cha m'ma 1615 anayankha mafunso a anthu a ku Tuwat okhudza ukapolo. Anatsutsa zoti khungu lakuda ndi chifukwa chogwirira munthu ukapolo, ndipo analetsa kugulitsa Asilamu akuda. Komabe sanakane ukapolo wonse: anaulola kwa osakhala Asilamu ogwidwa pa nkhondo. Anamwalira mu 1627.

Dzina lake lili pa malo osungira mabuku akale omwe anakhazikitsidwa ku Timbuktu mu 1973, ndipo nyumba yake yatsopano inamangidwa ndi thandizo la South Africa mu 2009. Mu January 2013 zigawenga zinatentha mabuku oposa 4,000 pamalopo. Ena ambiri anapulumuka chifukwa anthu a mzindawo anali atawazembetsa kupita nawo ku Bamako, ena pagalimoto, ena pa mabwato a pa mtsinje wa Niger.