Eugene Sharrer ndi Njanji Yoyamba

Ana inu a ku Balaka ndi ku Machinga, simudabwa pakumva kulira kwa sitima ya pamtunda, pakuti mudabadwa njanji ili kale pakhomo panu. Koma kale sikunali kotero. Masiku amenewo katundu wolowa m'dziko muno anadzera pamadzi: sitima zinanyamuka ku Chinde, kumene Zambezi athira m'nyanja ya mchere, nizikwera Shire kufikira ku Chiromo kapena kwa Katunga. Kumtunda kwa malo awa kuli mathithi, ndipo sitima siingapyole. Tsono amtengatenga anasenza mitolo pamutu, nakwera nayo mapiri kunka ku Blantyre. Ena natsikira nayo ku Matope, kumene sitima zina zinaulandira kupita nawo ku Liwonde ndi kunyanja.

Munthu amene adalimbikira kwambiri kuti njira yachitsulo imangidwe dzina lake ndiye Eugene Sharrer. Iye anali wa mtundu wa Ajeremani, koma adalembedwa ngati nzika ya England. Adafika kuno m'chaka cha 1888, Boma la Angerezi lisanakhazikike, pakuti ilo lidayamba mu 1891. Sanadze kudzaphunzitsa kapena kudzaweruza milandu, koma kudzachita malonda. Adatsegula masitolo otchedwa Kabula Stores, nagula sitima zoyenda pa Zambezi ndi pa Shire, nalima khofi ndi thonje. Adatenganso malo kwa mafumu, maekala opitirira 300,000, ndi mtengo wochepa ndithu. Apa sitingamtame. Mafumu ambiri anayesa kuti alikumbwereka mlendo poti alimepo, monga mwa mwambo wathu. Sanadziwe kuti pepala lija lichotsa dziko m'manja mwa ana awo. Pambuyo pake anthu okhala pa malo otere anagwira thangata, ntchito yolipira nayo pokhala pawo, ndipo thangata lidawawitsa mitima zaka zambiri.

Nanga chidamfunitsa njanji n'chiyani? Taganizani: mwamuna mmodzi sangasenze mtolo ndi kulima tsiku lomwelo. Amuna zikwizikwi amene anali pamsewu ndi katundu ndiwo omwewo amene eni minda ya khofi anawafuna. Ndiponso pa dzinja munthu aliyense anafuna kukhala m'munda mwake, ndipo katundu anangounjikana kudooko. Chifukwa chake mu 1895 Sharrer ndi anzake adapanga kampani ya Shire Highlands Railway. Koma ndalama zidasowa, ndi akulu a ku London sanafune kutsegula thumba lawo. Zaka zidapita alikukambirana, kufikira mu 1902 Boma lidavomera, nililonjeza kupatsa omanga njanji maekala 361,600 a dziko. Chaka chomwecho Sharrer adasonkhanitsa chuma chake chonse m'kampani imodzi, British Central Africa Company.

Ntchito idayamba mu 1903. Poyamba anati njanji iyambire ku Chiromo, koma madzi a m'Shire anali kuchepa chaka ndi chaka, ndipo sitima zinatitimira mumchenga zisanafike. Motero anaitsitsa kufikira ku Port Herald, ndiko ku Nsanje lero. Mtsinje wokha ndiwo udalamula pamenepo, si Mzungu ayi. Anthu a dziko lino ndiwo adakumba nthaka ndi makasu, nasenza dothi m'madengu, nayala zitsulo m'chigwa chotentha ndi m'mapiri a ku Thyolo. Maina awo sanalembedwe m'mabuku. Sitima yoyamba idalowa m'Blantyre mu 1908, itayenda mamailosi 113.

Nthawi imeneyo n'kuti mwini wake atachoka kale. Adasamukira ku London mapangano a 1902 atangotha, nayang'anira makampani ake ali komweko, ndipo sanabwerenso kudzakhala kuno. Adamwalira ku London m'masiku a nkhondo yaikulu ya 1914 kufikira 1918.

Njanji yake inali yaifupi, ndipo siinafike kunyanja iliyonse, ena adailumikiza. Adaitalikitsa kufikira ku Chindio pa Zambezi, ndipo mu 1922 ina idachokera ku Beira kufika tsidya lija la mtsinjewo. Zaka 13 anthu ndi katundu anaoloka pa chombo, kufikira mu 1935 pamene udatha mlatho waukulu wa pakati pa Sena ndi Dona Ana, wotalika kuposa mamailosi 2. M'chaka chomwecho idatsegulidwa njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka kunka ku Salima, ndipo Balaka adakula chifukwa cha siteshoni yake. Mu 1970, dziko litalandira ufulu, nthambi ina idapatuka pa Nkaya, nioloka Shire pa Liwonde, nidutsa dziko la Machinga kufikira ku Nayuchi, kumene ikomana ndi njanji ya ku Nacala. Koma chigawo chija cha kumunsi, chimene Sharrer adachivutikira, madzi osefukira adachidula pafupi ndi Chiromo mu 1997. Mtsinje womwe uja wa Shire, umene udakaniza sitima zake ndi kuchepa kwa madzi, udagumula njanji yake ndi kuchuluka kwawo.