Anton Chekhov: mlembi amene anaphunzira kusafulumira kuweruza

Mu Julaye 1890, pa chilumba cha Sakhalin, kum'mawa kwenikweni kwa dziko la Russia, panafika mlendo wodabwitsa. Chilumbachi chinali ndende kumene boma linkatayako akuba, opha anthu ndi ena opalamula. Mlendoyo sanali mkaidi, ndipo boma silinamutume. Anali Anton Chekhov, dokotala wa zaka 30 yemwenso anali atatchuka kale polemba nkhani zopeka. Anayenda pafupifupi miyezi itatu kuchokera ku Moscow, pa sitima, pa ngolo za akavalo ndi pa maboti, chikhalirecho anali atayamba kale kukhosomola magazi.

Chekhov anabadwa mu 1860 m'tauni ya Taganrog. Agogo ake anali kapolo wa mwinimunda ndipo anachita kudziwombola ndi ndalama. Bambo ake, a Pavel, anali ndi kagolosale. Anali munthu wopembedza kwambiri koma wankhanza, wokonda kukwapula ana. Golosaleyo itagwa mu 1876, banja linathawira ku Moscow chifukwa cha ngongole, ndipo Anton anatsala yekha kuti amalize sukulu. Atalowa maphunziro a udokotala mu 1879, anayamba kulemba tinkhani toseketsa m'magazini kuti adyetse makolo ndi abale ake. Kulemba kwake kunayamba ndi njala ya pakhomo.

M'kupita kwa nthawi ampangankhani ake anasiya kukhala anthu ongosekedwa. Mu 1888 analemba za Varka, mtsikana wa zaka 13 wogwira ntchito yolera khanda pa nyumba ya wosoka nsapato. Usana amamutuma, usiku khanda limalira, ndipo iye saloledwa kugona. Pamapeto pake mtsikanayo amapha khandalo, kenaka n'kugona tulo tofa nato. Chekhov sanamuikire kumbuyo, komanso sanamutukwane. Anangolowa m'mutu mwa mwana wotopa mpaka wowerenga amayamba kumva kulemera kwa zikope zake. Mkonzi wina, Alexei Suvorin, atamudzudzula kuti m'nkhani ina sanatsutse anthu akuba akavalo, Chekhov anayankha kuti aliyense akudziwa kale kuti kuba n'koipa, ndipo ntchito ya mlembi ndi kuonetsa kuti akubawo ndi anthu otani, polankhula ndi poganiza monga iwo.

Khalidwe limeneli ndi lomwe anapita nalo ku Sakhalin. Kwa miyezi itatu anayenda khomo ndi khomo, ndende ndi ndende, akuchita kalembera wakewake. Anadzaza makadi pafupifupi 10,000, khadi lililonse la munthu mmodzi: dzina, zaka, kwawo, chipembedzo, ngati amatha kuwerenga. Mafunsowo anali afupiafupi, koma ankatsegula pakamwa pa anthu amene panalibe ankawafunsa kanthu. Anaona akaidi omangiriridwa ku wilibala ndi unyolo usana ndi usiku, atsikana aang'ono ogulitsa thupi kuti adye, ndiponso munthu akukwapulidwa pamaso pake, zomwe zinamulotetsa maloto oipa. Munthu amene anakhalapo m'maganizo a Varka sakanatha kuona wopha mnzake n'kungoona mlandu wokha. M'buku lake la za chilumbachi, lomwe linatuluka lathunthu mu 1895, akaidi ali ndi maina, mabanja ndi kwawo kumene amakulakalaka. Atabwerera, anasonkhanitsa mabuku n'kutumiza ku masukulu a ana a pa chilumbapo.

Chifundo cha mtunduwu sichinali kukometsa anthu. Mu 1892 anagula munda ku Melikhovo, kumene ankachiza alimi osauka kwaulere, kulimbana ndi kolera ndi kumanga masukulu atatu. Komabe nkhani yake ya mu 1897 yonena za alimi inakwiyitsa ena, chifukwa inaonetsa uchidakwa, ndewu ndi kumenya akazi, popanda kubisa umphawi umene unali pansi pa zonsezo.

Mwina chovuta koposa chinali pakhomo pomwe. Chekhov sanaiwale chikwapu cha ubwana wake, ndipo m'nkhani zake muli abambo amalonda opembedza koma ouma mtima. Ngakhale zinali choncho, a Pavel anakhala ndi mwana wawoyo ku Melikhovo, akusamalira dimba, mpaka imfa yawo mu 1898.

Chifuwa chachikulu chinamumaliza Chekhov mu Julaye 1904 ku Badenweiler m'dziko la Germany, ali ndi zaka 44, mkazi wake Olga Knipper ali pambali pake. Anaikidwa ku Moscow, pafupi ndi manda a bambo ake.