ARCHIMEDES, KATSWIRI AMENE SANAKHULUPIRIRE CINTHU ASANACIYESE

Mlimi wa ku Kapichila akafuna kuzula citsa m'munda amatenga mtengo wautali, nautsamiritsa pa mwala, nakanikiza ku nsonga kwake. Adziwa kuti mtengo ukatalika nchito ipepuka. Nzeru imeneyi njakalekale, koma munthu amene analongosola lamulo lake m'masamu ndiye Archimedes.

Archimedes anabadwa ca m'ma 287 B.C. mu mzinda wa Syracuse, pa cisumbu ca Sicily, kum'mwera kwa dziko la Italy. Atate ake, a Phidias, anali katswiri wa za nyenyezi. Mwanayo anakula ndi mtima wosakhutira ndi kuona cabe. Anafuna kudziwa cifukwa cake ndi muyeso wake wa cinthu ciri conse.

Lamulo lake la mtengo wotukulira katundu ndi ili: thumba la makilogramu 50 lopacikidwa mita imodzi kucokera pa cotsamira lilingana ndi la makilogramu 25 lopacikidwa mamita awiri ku mbali inayo. Sikelo ya mtanda, yoyesera mbewu, iyendera lamulo lomweli.

Anthu akale anasimba kuti Mfumu Hiero inapatsa mmisiri golide kuti asule cisoti caufumu, koma pambuyo pake inamkayikira kuti anasakanizamo siliva. Inapempha Archimedes kuti apeze coona popanda kuphwanya cisotico. Tsiku lina polowa m'bafa lodzaza, iye anaona madzi akusefukira, ndipo anazindikira kuti cinthu comira cimakankha madzi olingana ndi kukula kwake. Popeza siliva ngwopepuka kuposa golide, cisoti cosakaniza ciyenera kukula kuposa golide weniweni wolemera cimodzimodzi, motero cisefukiritsa madzi ambiri. Akuti cinyengo ca mmisiriyo cinaululika motero. Anthu osawerengeka anaonapo madzi akusefukira, koma Archimedes anawaona ali ndi funso mumtima.

Iye anayesanso kuzungulira kwa cinthu cozungulira ngati gudumu la ngolo. Pojambula zithunzi za mbali 96 mkati ndi kunja kwake, anatsimikiza kuti kuzungulirako kuposa utali wopingasa pakati nthawi zopitirira 3 10/71 koma zosafika 3 1/7. Nambala ya 22/7 imene ana athu aphunzira kusukulu ndiyo 3 1/7 yomweyo.

Aroma atazinga Syracuse, makina amene Archimedes anakonza, oponya miyala ndi okola zombo, anawacedwetsa kwambiri. Mzindawo unagwa mu 212 B.C., ndipo msilikari wina anapha nkhalambayo, ngakhale kuti mkulu wa nkhondo, Marcellus, anafuna kuti isungidwe ndi moyo.

Njira imene iye ankatulukira nayo zinthu inabisika zaka mazana ambiri. Mu 1906 katswiri wa ku Denmark, Johan Heiberg, anapenda buku lacikopa la mapemphero mu mzinda wa Constantinople, umene lero uchedwa Istanbul. Pansi pa mapempherowo panali zolemba zofufutidwa, ndipo pakati pake panali kalata ya Archimedes yopita kwa mnzake Eratosthenes wa ku Alexandria. M'menemo anaulula kuti poyamba ankalingalira zithunzi za masamu ngati katundu wopacikidwa pa sikelo, mpaka yankho litaoneka. Koma yankho lotere sanaliyese lotsimikizika kufikira atalitsimikiza ndi umboni wa masamu, sitepe ndi sitepe.

Pamenepa pali phunziro kwa ife a m'boma la Lundazi. Nzeru za makina sizicokera ku matsenga, ndiponso sizobadwa nazo mtundu umodzi wokha. Ziyamba ndi khasu, ngolo, citsime ndi sikelo, zinthu zimene tigwira tsiku ndi tsiku. Mwana akafunsa cifukwa cake mtengo wautali uzula citsa msanga, tisamkalipire. Timpatse cingwe ayese yekha, ndipo m'mawa timtumize kusukulu akaphunzire kuwerengera cimene wayesaco.