Ismail, dzina loti Mulungu amamva



Lachisanu lapitali tinazinga mbuzi ziwiri za aqiqa kwathu ku Mitundu. Achemwali anga adikira mwana zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zonena za anthu mukuzidziwa. Mwanayo amutcha Ismail. Mayi ena oyandikana nafe, a CCAP, atamva anati dzinali lilinso m'Baibulo mwawo. Sananame ayi, ndinakafufuza.

Dzinali si la Chiarabu. M'Chiheberi ndi Yishmael: yishma ndiye amamva, El ndiye Mulungu. Zilankhulo ziwirizi nzapachibale, moti sami'a, liwu lomwe timayambira podzuka pa ruku, likuchokera pa tsinde lomwelo. Chimodzimodzi As-Sami', dzina la Allah. Buku la Genesis limati Hajar anauzidwa dzinali ali woyembekezera m'chipululu, kamba koti masautso ake anamveka, ndipo limati Ibrahim (AS) anali ndi zaka 86 pomwe mwanayo ankabadwa.

Koma taonani moyo wa mwini dzina. Akadali woyamwa, bambo ake anamusiya ndi mayi ake m'chigwa cha Makka, mopanda munda, mopanda mudzi, ali ndi thumba la tende ndi madzi pang'ono basi. Madzi atatha, Hajar anathamanga pakati pa Safa ndi Marwa kasanu ndi kawiri. Apa mpomwe ndimaima ine. Madzi sanatuluke ulendo woyamba, ngakhale wachisanu ndi chimodzi. Mayi uja anabwerera chimanjamanja mobwerezabwereza, mwana akuphiriphitha ndi ludzu, kenako Zamzam inatumphuka. Mpaka lero aliyense wopita ku Hajj kapena Umra amayenda njira yomweyo.

Madziwo anakopa fuko la Jurhum. Ismail anakulira pakati pawo, anaphunzira Chiarabu kwa iwowo, nkukwatira komweko. Anali katswiri woponya mivi. Atasinkhuka panabwera loto la bambo ake lija, ndipo iye anavomera kuzingidwa mpaka Allah anamuwombola ndi nkhosa. Surah As-Saffat siitchula dzina la mwanayo, koma ma ulama ambiri amati ndi Ismail. Pambuyo pake anakweza maziko a Ka'aba limodzi ndi bambo ake, iye akupatsira miyala, ndipo duwa yawo pantchitoyo inamutchula Allah kuti Wakumva. Surah Maryam imamuyamikira kuti ankasunga lonjezo komanso ankalamula a pabanja pake swala ndi zakaat. Mtumiki Muhammad (SAW) anachokera mu mbumba yake. Genesis imati anamwalira ali ndi zaka 137.

Madzulo alendo atabalalika ndinawafotokozera achemwali zonsezi tikutsuka mapoto. Kani tanthauzo la dzinalo sankalidziwa nkomwe, anangolikonda kuyambira ali ku madrasa. Anasiya mpoto uli ndi thovu, nkulowa m'nyumba kukamuona mwana.