Hon'ami Koetsu, mmisiri wa ku Japan amene mbale yake yong'aluka inamatidwa ndi golide

Mumzinda wa Tokyo, m'dziko la Japan, muli mbale yofiira yomweramo tiyi imene inang'aluka pomwe inali kuochedwa pamoto zaka pafupi-fupi 400 zapitazo. Mbaleyi sinatayidwe. Ming'alu yake inamatidwa ndi utomoni ndi golide, ndipo boma la Japan linaiika pa mndandanda wa katundu wofunika wa cikhalidwe ca dzikolo. Amene anaiumba anali a Hon'ami Koetsu.

A Koetsu anabadwira mumzinda wa Kyoto m'caka ca 1558. Banja lao linali lodziwika pa nchito yonola, kupukuta ndi kuyesa malupanga a akulu-akulu a nkhondo. Motero anakula akuphunzira kuona cilema ngakhale cacing'ono pa citsulo.

Cimene cinawachukitsa poyamba cinali luso lolemba ndi burashi. Iwo amawerengedwa pakati pa alembi atatu opambana a nthawi yao, pamodzi ndi a Konoe Nobutada ndi a Shokado Shojo. Anagwiranso nchito ndi katswiri wojambula, a Tawaraya Sotatsu, amene anali kujambula mbalame ndi maluwa ndi utoto wa golide ndi siliva, ndipo a Koetsu anali kulemba ndakatulo zakale pamwamba pake. Limodzi la mapepala amenewa, lotalika mamita opitirira 13, limasungidwa ku Kyoto National Museum.

Moyo wao unasintha m'caka ca 1615. Masiku amenewo mwambo wakumwa tiyi unali wolemekezeka pakati pa olamulira, ndipo mphunzitsi wa a Koetsu pa mwambowu anali a Furuta Oribe. Linga la Osaka litagwa m'cakaco, wolamulira dziko, a Tokugawa Ieyasu, analamula a Oribe kuti adziphe powaganizira kuti anali kugwirizana ndi adani. M'caka comweco a Ieyasu anapatsa a Koetsu malo ku Takagamine, kumpoto kwa Kyoto. Akatswiri ena a mbiri yakale amati iyi inali mphatso, pamene ena amati cinali cocotsera wophunzira wa a Oribe pakati pa mzinda.

A Koetsu anasamukira kumeneko ndi abale ao ndi amisiri osiyana-siyana, monga opanga mapepala ndi maburashi. Ambiri a iwo anali a cipembedzo ca Buddha, gulu la Nichiren. Ndi ku Takagamine kumene anaika mtima pa kuumba, mothandizidwa ndi a Jokei ndi mwana wao Donyu, a banja la oumba la Raku.

Mbale za mtundu wa Raku zimaumbidwa ndi manja, popanda makina ozungulira. Dongo likayamba kuuma limapalidwa ndi kampeni, kenaka mbale imaochedwa mwamsanga mu ng'anjo yaing'ono. Woumba sangalamulire zonse zimene moto udzacita. Popeza kuumba sinali nchito yopezera cakudya kwa a Koetsu, iwo anali ndi ufulu wosunga mbale zimene wamalonda akadaziona ngati zoonongeka.

Citsanzo ndi mbale yochedwa Fujisan. Moto unaisiya yoyera kumwamba ndi yodera kumunsi, ngati phiri la Fuji litavala cipale cofewa. Ndi imodzi mwa mbale ziwiri zokha za tiyi zoumbidwa m'Japan zimene boma linaziika m'gulu la cuma ca dziko, ndipo ili ku Sunritz Hattori Museum of Arts, mumzinda wa Suwa.

Mbale yofiira ya ku Tokyo ija imachedwa Seppo, kutanthauza nsonga ya phiri la cipale cofewa. Ming'alu yake ndi yaikulu, yotsika kucokera pamlomo, ndipo mizere ya golide imaoneka ngati timitsinje ta madzi osungunuka paphiri.

Luso lomata mbale motere limachedwa kintsugi. Cimene cimagwira zidutswa si golide ayi, koma utomoni wa mtengo wa urushi, wosakanizidwa ndi ufa wa tirigu kapena phala la mpunga. Utomoniwu umauma pang'ono-pang'ono m'malo a cinyezi, ndipo ukadali wauwisi umayabwa pakhungu. Pomalizira mmisiri amawaza fumbi la golide pa mzere womatidwawo. Nchito yonse ingatenge masabata angapo kapena miyezi. Colinga cake si kubisa mng'alu, koma kuti mbale igwirenso nchito uku mbiri yake ikuoneka.

A Koetsu anamwalira m'caka ca 1637 ali ndi zaka pafupi-fupi 80. Manda ao ali ku Takagamine, pa kacisi wochedwa Koetsuji amene ali pamalo pomwe anali kukhala. Luso lao linapitirira kudzera mwa ana a mdzukulu wa mlongo wao, a Ogata Korin, wojambula, ndi mng'ono wao a Ogata Kenzan, woumba mbale. M'caka ca 2024, Tokyo National Museum inacita cionetsero capadera ca nchito za a Koetsu, kuphatikizapo zolemba ndi mbale zao.