Chick Webb, Woimba Ng'oma wa ku Harlem

Ana inu, mudziwa kuti pa gule aliyense ng'oma ndiyo itsogolera mapazi a ovina. Woimba ng'oma akachedwa, gule yense azizira. Momwemonso zinali kwa anthu akuda a ku America, amene makolo awo anatengedwa ukapolo ku Africa. Iwo anayambitsa nyimbo zotchedwa jazi, ndipo m'zaka za 1930 munabuka maimbidwe ena a jazi otchedwa swing, oimbidwa ndi magulu aakulu a malipenga kuti anthu avine. Mmodzi wa akatswiri a ng'oma a masiku amenewo anali William Henry Webb, amene anthu anamutcha Chick.

Webb anabadwira m'mzinda wa Baltimore, m'banja losauka. Akali mwana anagwidwa ndi nthenda ya chifuwa chachikulu, imene inalowa m'mafupa a msana wake. Msanawo unapindika, nakhala ndi linunda, ndipo sanakule msinkhu monga anzake. Ululu sunamchoke masiku onse a moyo wake. Koma mnyamatayo anali ndi khutu lakuthwa ndi manja achangu. Pokhala analibe ndalama, anayenda m'misewu kugulitsa nyuzi, nasunga timakobiri take kufikira anagula ng'oma zakezake.

Ng'oma za jazi sizifanana ndi zathu za kumudzi, kumene munthu mmodzi agwira ng'oma imodzi. Woimbayo akhala pampando, nazingidwa ndi ng'oma zazikulu ndi zazing'ono pamodzi ndi mbale zamkuwa zolira. Manja agwira timitengo tiwiri, ndipo mapazi aponda zopondera zimene ziomba ng'oma yaikulu. Chotero ziwalo zinayi zigwira ntchito nthawi imodzi, chilichonse ndi mawu ake. Popeza Webb anali wamfupi, anampangira zopondera zoyenera miyendo yake.

Atakula anapita ku New York, nakhala ku Harlem, dera la anthu akuda, ndipo mu 1926 anayamba kutsogolera gulu lake. Mu 1931 gululo linakhazikika m'nyumba yaikulu yovinira yotchedwa Savoy. Nyumba imeneyi inali yodabwitsa, pakuti akuda ndi azungu anavinira pamodzi m'menemo, pamene m'malo ena ambiri anawalekanitsa. Webb sanaphunzire kuwerenga zizindikiro za nyimbo zolembedwa papepala, koma anasunga nyimbo iliyonse m'mutu, nadziwa polowera lipenga lililonse. Anakhala pansanja pakati pa anyamata ake, nawatsogolera ndi ng'oma.

Ku Savoy kunali mwambo wa mpikisano: magulu awiri anaimba mosinthana, ndipo ovina anaweruza opambana. Pa 11 May 1937 kunadza gulu la Benny Goodman, mzungu amene mbiri yake inamveka m'dziko lonse, ndi woimba ng'oma wake Gene Krupa. Anthu zikwi anadzaza nyumbayo, ndi ena ambiri anatsala kunja. Usiku umenewo khamulo linapatsa ulemu Webb, ndipo Krupa mwini wake anavomera kuti wagonja kwa katswiri weniweni.

Koma chinthu china chimene Webb anachita chiposa mpikisanowo. Mu 1935 anamtengera mtsikana wamanyazi, wovala zausiwa, amene amake anali atamwalira. Dzina lake linali Ella Fitzgerald. Poyamba Webb anakayika poona maonekedwe ake, koma atamva mawu ake anamlandira m'gulu, namlola kuimba patsogolo. Mu 1938 anajambula naye nyimbo yotchedwa A-Tisket, A-Tasket, imene inagulidwa kwambiri ku America. Mtsikanayo anadzakhala mmodzi wa oimba otchuka koposa pa dziko lapansi, kufikira imfa yake mu 1996.

Pamene mbiri ya Webb inakwera, thupi lake linafooka. Masiku ena anatha kuimba ali lefu ndi ululu, komabe sanaleke, pakuti zinali zaka za umphawi ku America, ndipo anadziwa kuti anyamata ake adyera pa ng'oma zake. Potsiriza anamtengera ku chipatala cha Johns Hopkins kwawo ku Baltimore. Madokotala anamchita opaleshoni, koma anamwalira pa 16 June 1939, asanafike zaka 40. Ella Fitzgerald anatsogolera gululo kufikira 1942, ndipo oimba ng'oma otchuka a pambuyo pake, monga Buddy Rich, anaphunzira zambiri pomvetsera maimbidwe ake.

Akulu anati kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Tsono mukaona mnzanu wolumala kapena wochepa thupi, musamseke. Simudziwa luso limene lili m'manja mwake. Ndipo inunso mukadzapeza malo abwino, kumbukirani kutsegulira khomo mwana wosauka, monga Webb anachitira Ella.