Bram Stoker, Mlembi wa Dracula

Dzina la Dracula ambiri timalidziwira m'mafilimu, koma amene anamupeka sakumbukiridwa kawirikawiri. Iye ndi Abraham Stoker, wodziwika kuti Bram, ndipo anabadwa pa 8 Novembala 1847 ku Clontarf, pafupi ndi mzinda wa Dublin ku Ireland. Anali wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri.

Mpaka atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, mwanayu anali wodwaladwala, wosadzuka pakama. Mayi ake, a Charlotte, ankamusungulutsa ndi nthano, koma sizinali za kalulu ayi. Iwo anapulumuka mliri wa kolera womwe unasesa tauni ya Sligo mu 1832, ndipo ankasimba za anthu amene anatsala pang'ono kuikidwa m'manda akadali moyo. Ife ophunzira za uphunzitsi tikhoza kukangana tsiku lonse ngati nkhani zotere n'zoyenera mwana wodwala. Chodziwika n'chakuti Bram atachira anakula n'kukhala chimunthu chachitali, katswiri wa masewera pa Trinity College.

Atamaliza maphunziro anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma, ndipo buku lake loyamba, la mu 1879, linali lofotokoza ntchito za makalaliki a m'makhoti aang'ono. Madzulo ankakaonera zisudzo n'kumalemba maganizo ake m'nyuzipepala ya Dublin Evening Mail osalandira ngakhale khobidi. Zimene analemba mu 1876 zoyamikira Henry Irving, katswiri wa zisudzo, ndizo zinasintha moyo wake. Mu 1878 anakwatira Florence Balcombe n'kusamukira ku London kukayang'anira ndalama ndi maulendo a gulu la Irving ku Lyceum Theatre. Anatumikira bwanayo zaka 27. Mabuku ankalemba pa nthawi yongoba.

M'chaka cha 1890 ali patchuthi ku Whitby, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, analowa m'laibulale n'kutsegula buku la William Wilkinson la mu 1820, lonena za madera a Wallachia ndi Moldavia. Mmenemo ndi mmene anakumana ndi dzina lakuti Dracula, lomwe wolembayo anati limatanthauza mdyerekezi. Wilkinson sanamudziwe Stoker, ndipo buku lake linali lakale kale, koma linakapatsa dzina mzukwa wotchuka kuposa yonse m'mabuku. Ku Transylvania komwe nkhaniyo imayambira, Stoker sanapondeko phazi. Mapiri, misewu ndi miyambo ya kumeneko anazitola m'mabuku a eniake.

Dracula linatuluka mu Meyi 1897, chikuto chake chachikasu, zilembo zofiira. Kwathu kuno tikamva za kuyamwa magazi timaganiza za anamapopa, koma uyu ndi wina: munthu womwalira kalekale amene masana amagona m'bokosi la dothi lakwawo, usiku n'kumayendera amoyo. Chimene chimagwira mtima n'kasimbidwe kake. Palibe munthu mmodzi wosimba nkhani yonse. Pali makalata, madayale, zodula m'nyuzipepala ndi kaundula wa woyendetsa sitima, ndipo aliyense akungodziwako kachigawo kake. Jonathan Harker akamalemba ali m'nyumba ya Dracula, wowerenga amazindikira msanga kuti mlendoyu ndi mkaidi. Mina ndi amene amasonkhanitsa mapepala onse n'kuwataipa kuti anzake awerenge, ndipo m'pamene amayamba kumugonjetsa mdaniyo. Pakati pa bukuli pali malo ena otopetsa, makamaka Van Helsing akayamba kulankhula osapumira, koma mitu inayi yoyambirira simungaiwerenge usiku magetsi atazima.

Bukuli silinamulemeretse. Irving anamwalira mu 1905, Stoker anadwala sitiroko, ndipo mu 1911 anachita kupempha thandizo ku Royal Literary Fund, bungwe lothandiza alembi osowa. Anamwalira pa 20 Epulo 1912, patangopita masiku asanu chimirire sitima ya Titanic, nyuzipepala zili kalikiliki ndi ngoziyo. Chaka chotsatira, mapepala amene anakonzerapo Dracula anagulitsidwa pa mtengo wongopitirira pang'ono mapaundi awiri. Mkazi wake anasumira Ajeremani amene anajambula filimu ya Nosferatu mu 1922 popanda chilolezo, ndipo khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe, ngakhale ena anapulumuka.

Stoker analinso membala wa London Library kuyambira 1890 mpaka 1897. Mu 2018 ogwira ntchito kumeneko anapeza mabuku 26 amene ankawerenga pokonza nkhani yake, ena ali ndi mizere, timitanda ndi ngodya zopindidwa, zogwirizana ndi zimene zili m'mapepala ake. Mlembi wamkuluyu ankalembalemba m'mabuku obwereka, khalidwe lomwe woyang'anira laibulale aliyense amadana nalo. Kwa zaka zoposa 100 mabukuwo anali pa mashelefu wamba, anthu akubwereka ndi kubweza, osadziwa kuti zikhwatchozo n'za ndani.